Magazi a m'filimu ya anamapopa

Funso: Tikujambula filimu ya anamapopa, yachikondi komanso yoseketsa, koma ndalama n'zochepa. Pa kamera magazi athu akuoneka ngati juwisi. Titani?

Yankho: Mwachulutsa madzi. Sakanizani kapu imodzi ya golden syrup, supuni yaikulu ya utoto wofiira wa keke, supuni yaing'ono ya koko ndi dontho limodzi la utoto wabuluu. Kokoyo ndiye amawadetsa kuti afanane ndi enieni. Mukathiramo sopo wotsukira mbale pang'ono sakanirira pa zovala, koma oterowo asalowe m'kamwa mwa wosewera. Muzivindikira, nyerere zimawakonda.

Chonde, musanajambule usiku dziwitsani amfumu ndi apolisi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe.