Kodi uchi wa pa bwalo la ndege ndi mboni yokwanira?

Mayi wina wanditumizira imelo kufunsa ngati n'zoona kuti ku Germany amaweta njuchi pa mabwalo a ndege pofuna kudziwa ngati utsi wa ndege ukuwononga chilengedwe. N'zoona, mayi, ndipo funso lanu landikumbutsa ming'oma yanga itatu imene inatha m'sabata imodzi.

Bwalo la ndege la Hamburg linayamba ntchitoyi mu 1999, kenaka la Düsseldorf, la Frankfurt ndi la Munich anatsatira. Njuchi zimauluka makilomita pafupifupi 3 kuchokera pamng'oma, ndipo zimabwera ndi zimene zagwera pamaluwa a m'dera lonselo. Akafula uchi amautumiza ku labotale kuti akaone ngati muli zitsulo zapoizoni monga mtovu ndi cadmium, kapena zotsalira za mafuta opsa, ndipo kawirikawiri umapezeka wabwino ngati wochokera kutali ndi ndege.

Pamenepa ndi pamene mtima wanga sukhazikika. Chaka china mnansi wanga anapopera mankhwala m'munda wa thonje maluwa ali pachimake, ndipo patangopita masiku awiri ndinapeza njuchi zili mbwee pansi pa ming'oma, zina zikungozungulira padothi, kuuluka kutazikanika. Ndinakhala pansi pamtengo mpaka dzuwa kulowa, chifukwa ming'omayo ndinaikhoma ndi malemu bambo anga. Uchi umene unatsala m'zisa unali woyera ndi wonunkhira ngati wa zaka zonse, popeza njuchi zambiri zimene zinatenga poizoni zinafera m'njira.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kukhulupirira uchi pawokha. Thupi la njuchi limasefa timadzi ta m'maluwa, motero zitsulo zambiri zimatsalira m'njuchimo, pamene zamafuta zimakanirira kwambiri muphula. Komanso tinthu ting'onoting'ono ta mu utsi wa ndege, timene timalowa m'mapapo a anthu okhala pafupi, botolo la uchi silingationetse. Bwalo limene limagawira alendo uchi n'kumati ndi umboni wa mpweya wabwino likupatsa njuchi mlandu umene sizingaukwanitse, ndipo ine sindigwirizana nazo.

Zoti mufunse

Funsani akuluakulu a bwalo la ndege ngati amayezanso mungu ndi phula, monga amachitira ku Munich, ngati amayerekeza ndi ming'oma ya kutali ndi bwalolo, ndiponso ngati pali makina oyeza mpweya weniweniwo tsiku ndi tsiku.