Solver ikukakamira pa timetebulo ya mayeso

Achimwene, mwati mukukonza timetebulo ya mayeso pa sekondale yanu kuno ku Dedza ndi MiniSat, pulogalamu (solver) yofufuza yankho lokwaniritsa malamulo onse omwe mwaipatsa, koma mukangochepetsa zipinda kompyuta imazungulira usiku wonse osatulutsa yankho. Ine ndikuona kuti vuto ndi symmetry, kutanthauza kufanana kwa zinthu moti kuzisinthanitsa sikusintha kanthu.

Tiyerekeze zipinda zanu 8 ndi zofanana kukula. Kusinthanitsa chipinda 1 ndi chipinda 2 sikusintha kanthu, koma solver sidziwa zimenezo. Ikapeza kuti dongosolo lina silitheka, imakayesanso lomwelo litangosintha manambala a zipinda, ndipo zipinda 8 mukhoza kuzisanja m'njira 40,320. Yankho likakhalapo, imatha kuligwera msanga. Likapanda kukhalapo, monga zimatha kuchitika mukachepetsa zipinda, iyenera kukana njira zonsezo. Katswiri wa masamu Haken anasonyeza mu 1985 kuti umboni wa resolution (njira yophatikiza malamulo awiri n'kupeza lachitatu) woti nkhunda zochuluka kuposa zisa sizingakhale imodzi pachisa umatalika koopsa zisa zikamachuluka, ndipo ma solver a CDCL (ophunzira lamulo latsopano akagunda khoma) ngati wanuyo amayendera resolution yomweyo. Kwa inu nkhunda ndi makalasi, zisa ndi zipinda.

Ndiye onjezerani ma clause (timalamulo tomwe mumalembera solver) othyola symmetry. Pa ola loyamba Fomu 4A muikhomere chipinda 1, ndipo kalasi isalowe chipinda 3 pomwe chipinda 2 chili chopanda munthu. Mapulogalamu a Shatter ndi BreakID amachita izi okha: amasandutsa CNF (mndandanda wa ma clause anu) kukhala graph (madontho olumikizidwa ndi mizere), pulogalamu ngati saucy n'kupeza zomwe zingasinthanitsidwe, kenako amaonjeza ma clause a lex-leader (osiya dongosolo loyamba pamndandanda wa ofanana) omwe katswiri Crawford ndi anzake anafotokoza mu 1996.

Mukamalemba pamanja, chonde labu ndi holo musaziphatikize ndi zipinda wamba, chifukwa sizifanana nazo. Mukatero solver idzakuuzani kuti sizitheka pomwe timetebulo yabwino ilipo.