Za mizukwa ya ku Blantyre, ndiyankheko ine

Achemwali mwafunsa ngati ndi zoona kuti ku Blantyre kuli malo oyenda mizukwa, poti mwana wanu wapeza nyumba ya lendi ku Chilobwe ndiye anthu akukuopsezani. Ine kwathu ndi ku Ngabu konkuno koma ndinakhalako kumtundako zaka zisanu kwa amalume, ndiye ndinenepo zomwe ndikudziwa.

Nkhani zilipo zambiri, sindikana. Ma driver a minibasi a msewu wathu wa ku Thabwawu amakamba za mzimayi wovala zoyera amene amaimitsa galimoto usiku pa makhona paja, akakwera kufika kumtunda mpando uli mbee. Koma aliyense amene amakamba amati zinachitikira mnzake wa mnzake, sindinakumanepo ndi mwini wakeyo. Ena amaloza nyumba zakalezi, ngati Mandala House ija ya 1882 ya a African Lakes, pafupi pomwe anthu a John Chilembwe anakathyola kufuna mfuti mu January 1915 ena n'kugwidwa kuphedwa, kapena manda a pa mishoni kufupi ndi tchalitchi cha St Michael chomwe anamaliza 1891. Nyumba ikangokalamba basi anthu aipatsa kale mzukwa wake, ine ndinalowamo mu Mandala masana ndinangoona zithunzi ndi azungu akumwa khofi.

Koma za Chilobwe zo ndi zina, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse. Dzinali limaopsa akuluakulu chifukwa cha anthu amoyo. Kuyambira 1968 mpaka 1970 anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zawo ali mtulo, oposa 30, mitembo ina yoduladula, ndipo sizinali ku Chilobwe kokha ayi, madera ena a tauniyo zinafikakonso koma dzina linakakamira kumeneko. Mphekesera inali yoti boma likupopa magazi kutumiza ku South Africa kubweza ngongole, nanga nthawi ya Kamuzu ukananena mokweza ukanagona kuti? Munthu mmodzi, Walla Laini Kawisa, anagwidwa n'kuweruzidwa kuti aphedwe, koma akuluakulu ambiri mpaka lero sakhulupirira kuti anali yekha.

Amalume anga anaziona ali mnyamata, ndiye ine ndikupita kukakhala nawo patapita zaka zambirimbiri anali asanasiye khalidwe lake. Ikangokwana 8 koloko mtondo kuutsamiritsa kuchitseko, musi kuupingasa, pamwamba pake kusanjikapo zitini zitatu zopanda kanthu kuti wina akangokankha zilire. Tsiku lina mphaka anagwetsa zitini zija cha m'ma 2 usiku, eee, amalume anadzuka ndi chikwanje ali chibadwire cha kumtunda, azakhali akukuwa, ine ndili pansi pa bedi ndi msuweni wanga tikulimbirana malo. Kutacha tinaseka mpaka misozi koma iwo sanaseke nawo olo pang'ono, anangotola zitini zawo n'kukazisunga.

Mantha omwewo ndi amene amabwerera ngati anamapopa. Kumayambiriro kwa 2003 anthu anagenda Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula ku Blantyre, ati akusunga opopa magazi. Za 2017 simufuna kuuzidwa, zinachokera ku Mulanje ndi Phalombe n'kutifika kuno ku Nsanje, anthu kugona panja m'magulu, mlendo kungonyamula chikwama basi wapalamula, ndipo amene anafa anaphedwa ndi anthu anzawo ndi miyala ndi moto.

Chimandiseketsa n'choti anzathu akumtunda amati ife a kuchigwa ndiye eni ake a zoopsa, akamva za Khulubvi, kachisi wa Mbona ku Nsanje, amanjenjemera. Mbona si mzukwa abale, ndi mzimu wa mvula, uli ndi kachisi wake ndi ousamala ake, ukapita umavula nsapato n'kutsata mwambo, sutsekereza munthu pa msewu. Ngakhale kwa a pulezidenti zinamvekako, 2005 kunabuka nkhani yoti Bingu wathawa mizukwa ku State House ya ku Lilongwe, iye anakana ndipo atolankhani anamangidwa.

Ndiye mwanayo musamuletse achemwali. Afunse landilodi ngati madzi amatuluka, aone chitseko ngati chili ndi loko wolimba, asamayende yekha usiku pochokera ku siteji, komanso chifukwa cha zomwe namondwe Freddy anachita mu March 2023 kumeneko aonetsetse kuti nyumbayo siili m'munsi mwenimweni mwa phiri la Soche kapena mphepete mwa khwawa. Mundiuze ili chigawo chiti, msuweni wanga uja akadali komweko akhoza kukaiona Loweruka.