Collect ndi correct: mawu amene anandichititsa manyazi pamaso pa komiti

Mtsikana wina wa ku Salima, amene akukonzekera mayeso a MSCE, wandilembera kufunsa ngati collect ndi correct ndi liwu limodzi, poti m'makutu mwake amamveka mofanana. Mwana wanga, funso lakoli landitokosa pachilonda.

Ndili mnyamata ndinali kalaliki pa kagulu kena ka alimi a mpunga kwathu ku Nkhotakota. Tsiku lina ndinazungulira midzi pa njinga, dzuwa likuswa mtengo, kutolera ndalama za ngongole ya feteleza. Madzulo ndinalemba lipoti, ndipo mzere woyamba unali wakuti I have corrected the money. Bwana wina amene anabwera kudzayendera mabuku anawerenga mzerewo mokweza pamaso pa komiti, n'kundifunsa kuti ndalamazo ndazikonza motani, nanga manambala ndasintha ati. Ena anaseka. Koma agogo ena, amene anandipatsa ndalama zawo atazimasula pa mfundo ya chitenje, sanaseke. Anangondiyang'ana. Sipanasowe ngakhale tambala imodzi, koma usiku umenewo nsima sinalowe.

Mpaka lero sindinavomereze zimene bwanayo anachita. Ankadziwa bwino zimene ndimatanthauza.

Ndipo kusokoneza l ndi r chonchi si umbuli ayi. M'Chichewa l ndi r sasiyanitsa tanthauzo la mawu. Malamulo a kalembedwe amangoti tilembe r pambuyo pa i kapena e, monga mbiri ndi bwera, ndipo l kwina konse, monga mbale ndi kulima. Munthu akati bwela, palibe amene amasokonezeka. Ndiye khutu limene lakula chonchi lingamve bwanji kusiyanako popanda woliphunzitsa? Ngakhale anthu a ku Japan amavutika ndi malembo awiri omwewa. Mphunzitsi amene amaseka mwana ponena liwu la Chingerezi lakuti lake m'malo mwa lakuti rake, osamuonetsa pamene lilime liyenera kukhala, ameneyo ndiye walephera ntchito. Ana ambiri amasiya kuyankhula m'kalasi chifukwa cha kuseka kotereku.

Tsono yankho lako

Collect ndi kutolera kapena kusonkhanitsa: ndalama, nkhuni, makope. Correct ndi kukonza cholakwika, ndipo limatanthauzanso chinthu cholondola. Aphunzitsi amayamba achita collect makope, kenako correct. Ponena collect, nsonga ya lilime igunde kuseri kwa mano a m'mwamba. Ponena correct, lilime lisagunde paliponse.