Wodwala ali ku India, nanga abale tiwauze chiyani?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera kuti amuna awo akupita ku India kukalandira chithandizo cha khansa, ndipo akufunsa ngati n'koyenera kudziwitsa abale onse kapena kungouza ochepa. Kalatayi ndakhala nayo masiku anayi osaiyankha, chifukwa yandikumbutsa za achemwali anga.

Mu Novembala 2023 ndinaperekeza achemwali ku Delhi monga gadiyani wawo. Anali ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo masiku amenewo kuno kunalibe makina owotchera khansa. Abale, a kumpingo ndi aphunzitsi anzawo anasonkha ndalama kwa miyezi itatu, koma tisanazisinthe n'komwe, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, moti zimene tinkati zitifikitsa pobwerera zinangokwanira chithandizo ndi kachipinda kamodzi ka lendi.

Kuwotchako kunkachitika Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata asanu, kuphatikizapo kemo, yemwe ndi mankhwala amphamvu a khansa, kamodzi pa sabata. Pamakinapo ankakhalapo mphindi zowerengeka chabe. Chovuta chinali kotsala kwa tsikulo. Mseru, kutsegula m'mimba, kuzizira kwa Disembala ndi utsi umene umakuta mzindawo nyengo imeneyo, zonsezi zinawafooketsa. Chakudya cha kumeneko chimachuluka tsabola, ndipo chimene chinatipulumutsa ndi ufa woyera umene mayi athu anaumirira kuti ndinyamule, ine ndikuwiringula za kulemera kwa katundu. Masabata awiri omaliza achemwali ankangomwa phala lokha.

Koma chimene sindichiiwala ndi foni. Nthawi ya ku India ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka, choncho wachibale akamaliza mgonero n'kuimba cha m'ma 8 koloko, kwa ife inali 11:30 usiku. Achemwali ankadzuka, n'kutsuka kukhosi, n'kumauza aliyense kuti akupeza bwino, ndipo nthawi zina ankachita kutonthoza munthu amene akulira ali ku Lilongwe, wathanzi lake. Foni ikaduka ankasanza. Ndinena mosabisa kuti mwambo wathu wozonda odwala, umene ndi wabwino kwambiri munthu akafika ndi dengu la ufa n'kusesa pakhomo, ukalowa pa WhatsApp umasanduka ntchito ya wodwalayo. Pamwamba pa izo panali alangizi: wina wa chammwamba, wina wa mneneri amene ankati tisiye zonse tibwerere kumudzi. Uthenga wotere kwa munthu amene ali pakati pa chithandizo ndi nkhanza, kaya wautumiza ndi amalume kaya ndi mkulu wa mpingo.

Amene anathandiza koposa anali mphunzitsi mnzawo, yemwe sanafunsepo za matenda ngakhale kamodzi. Iyeyu ankaonetsetsa kuti ana akupita kusukulu, ndipo mvula itagwa anapita kukadzala chimanga m'munda wa achemwali, n'kumatumiza zithunzi zake chikumera. Zithunzi zimenezo achemwali ankaziyang'ana m'mawa uliwonse tikudikira pamzere.

Yankho langa kwa inu, Mayi

Abale auzeni onse, pakuti chinsinsi chimabala mphekesera, ndipo ndalama mudzazifuna. Koma sankhani munthu mmodzi wokhazikika maganizo woti muzimuuza nkhani kawiri pa sabata, ndipo iyeyo ndiye azifalitsa kwa ena. Aliyense wofunsa kuti athandize bwanji mumupatse ntchito yeniyeni, monga fizi, lendi, munda kapena chakudya cha ana. Gadiyani amayendera viza yakeyake ya woperekeza wodwala, ndipo asankhidwe chifukwa chodziwa Chingerezi ndi kupirira, osati chifukwa ndi wamkulu kubanja. Ngati gadiyaniyo ndinu, pezani mnzanu mmodzi woti muzimulirira bambo akagona, ndipo usiku foni yawo izikhala m'chikwama chanu.