Munayamba mwagonako ku Tete opanda pasipoti?

Achimwene, mwandikhudza pachilonda. Musanathamangire kunena kuti ofesi ya kazembe wathu ku Maputo ndi ija ya ku Tete zitsekedwe poti zikungodya misonkho, tamvani kaye zomwe zinandionekera ine mu 2016.

Ndinkayendetsa thiraki ya bwana wina, kututa feteleza kuchokera ku Beira. Amene munali pamsewu chaka chimenecho mukukumbukira. Zigawenga za Renamo ndi asilikali a boma la Mozambique anali atayambiranso kuwomberana, mathiraki ena a kwathu atawotchedwa kale cha ku Barue, ndiye kuyambira pa Vanduzi mpaka pa mtsinje wa Luenha munthu sumayenda wekha. Timadikira coluna, mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali. Lamulo lake linali limodzi, zivute zitani osaima.

Titadutsa Catandica, pamalo ena pomwe tchire lafika mpaka m'mphepete mwa tala, ndinangomva ngati munthu akuponya miyala padenga la malata. Poyamba ndinayesa tayala. Kenaka galasi lakumanzere linangoti phwa, zidutswa zili mbwee pamiyendo. Ndinawerama pachiwongolero n'kuponda moto, koma madzi a mu rediyeta anali atayamba kale kutayika, nthunzi ili tolotolo, injini n'kudzazima pachitunda penipeni. Anzanga akungondilambalala, aliyense akuthawitsa moyo wake, ndipo sindiwada. Mmene ndinatsikira sindikumbuka. Nsapato imodzi inatsalira pa sitepe. Ndinathamanga motsata msewu ndikutchula dzina la mwana wanga wamkazi, miyala ikundicheka kuphazi, mpaka dalaivala wina wa ku Zimbabwe anachepetsa liwiro n'kukankha chitseko galimoto ikuyenda. Anandikoka ndi kolala. Titafika pa Changara m'pamene ndinazindikira kuti kachikwama kanga katsala kuseri kwa mpando. Pasipoti, laisensi, mapepala a katundu, metikashi yonse. Ndinatsala ndi foni yokha.

Ndinaimbira bwana manja akunjenjemera. Sanafunse n'komwe ngati ndavulala. "Thiraki yanga waisiya ndi ndani?" Ndinati bwana atiwombera. Akuti ndimayenera kukhala pomwepo kulondera katundu. Kulondera ndi chiyani, ndi jeke? Zaka 6 ndikumugwirira ntchito munthu ameneyu, kugona masabata padoko ndi alawansi yosakwana ngakhale chakudya, osamubera ngakhale lita imodzi ya dizilo! Atatero anasiya kuyankha foni. Mayi a kunyumba anapita ku ofesi kwake kukagwada, anawasiya pabenchi tsiku lonse ndi mwana kumsana. Malipiro a miyezi iwiri anandidula ati ndinathawa ntchito. Mpaka lero ndikamuona m'tauni mtima umandiwawa.

Ku Tete anandisunga ndi mayi wina wogulitsa nsima pafupi ndi mlatho wa Samora Machel. Iwo Chinyungwe, ine Chichewa, koma timamvana bwinobwino. Anandipatsa nsima ya nsomba zouma za chicoa, masilipasi a amuna awo, n'kundilozera ofesi ya boma lathu. Kumeneko anandifunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera, anandithandiza kupeza lipoti la polisi, kenaka n'kundilembera kalata yoyendera. Kapepala kamodzi. Ndi kameneko ndinadutsa maroadblock onse mpaka pa Zobue, n'kuponda pa Mwanza. Pakanapanda iko ndikanakhala munthu wolowa m'dziko la eni mozemba, Chipwitikizi changa chili cha bom dia basi.

Ndiye mukamati akazembe amangovala masuti, mukuiwala kuti dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere. Mafuta, feteleza, tirigu, zimadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Ngakhale wa basi wopita ku Joni amadutsa Tete yemweyu. Pamafunika munthu wokhala ku Maputo konko, amene nduna zakumeneko zimamudziwa nkhope, woti msewu ukatsekeka aimbe foni usiku womwewo. Funsani akuluakulu za 1986, pamene Samora Machel, mtsogoleri wa Mozambique nthawi imeneyo, anaopseza kuti aika mizinga m'malire ati Malawi ikusunga a Renamo. Zinatha ndi kukambirana. Mu December chaka chomwecho maiko awiriwa anasainirana pangano la chitetezo, asilikali athu n'kupita kukalondera njanji ya ku Nacala. Othawa nkhondo oposa 1 miliyoni tinakhala nawo kuno mpaka pangano la mtendere la 1992. Nanga kukambirana kukaperewera? Mu October 2010 a Bingu anatsegulira doko la Nsanje, a Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pompo, koma chombo chonyamula feteleza chinagwidwa ku Mozambique chisanafike. Pitani mukaone doko lija lero. Ndalama zonse zija, chifukwa choti eni ake a Zambezi sitinamvane nawo. Dzana lomweli, kumapeto kwa 2024, zionetsero za pambuyo pa chisankho zitavuta kumeneko, mizere ya mafuta kuno inangotalikirako.

Zachikhalidwe n'zoti sindingakuuzeni ine. Pa Lizulu msewu ndiwo malire, msika ndi umodzi, maliro timalira limodzi. Ku Kulamba kwa Gawa Undi ku Katete mafumu a ku Tete amakhala pamodzi ndi athu, ndipo Gule Wamkulu a UNESCO anamuzindikira mu 2005 ngati wa maiko atatu, ife, Zambia ndi Mozambique. Mayi aja sananditole ngati mlendo.

Koma abale anga, ndinene zoona, musadalire ofesi iliyonse. Zikavuta pamsewu uli wekhawekha, kalata imabwera wapulumuka kale. Pasipoti izikhala m'thumba lamkati la malaya omwe mwavala, osati m'chikwama. Ijambuleni pa foni, mutumizenso kwa akunyumba. Metikashi pang'ono mu sokosi. Chipwitikizi phunzirani, ngakhale chongokwana kufotokoza kupolisi kuti ndinu ndani ndipo mwatani. Mfuti ikalira thawani, thiraki ndi chitsulo, ngakhale ine ndimadandaulabe kuti bwanji sindinabwerere kukatenga kachikwama kaja. Nambala ya ofesi ya ku Tete ilembeni papepala, foni imatha moto. Ndipo bwana wanu asanakupatseni makiyi, alembe n'kusainira zomwe adzachite mukadzavulala kapena kutsakamira kunja. Akakana, makiyiwo musalandire.