Kamba wooneka ngati tsamba lofota

Funso: Ndinaona chithunzi cha kamba wa mutu wophwatalala ngati tsamba lofota. Kodi alipodi, nanga amakhala kuti? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Alipodi, ndipo dzina lake ndi matamata. Amakhala m'madambo ndi m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono ya m'zigwa za mitsinje ikuluikulu ya Amazon ndi Orinoco ku South America. Chigoba chake chokhakhala chimafanana ndi khungwa la mtengo, zimene zimam'bisa bwino pakati pa zinyalala za pansi pa madzi. Savutika n'kusaka: amangokhala duu m'madzi osaya, n'kumatulutsa mphuno yake yaitali kuti apume, ndipo nsomba ikayandikira amayasamula mwadzidzidzi n'kuimeza yathunthu, popeza satha kutafuna. Mu 2020 asayansi anatsimikiza kuti matamata wa ku Orinoco ndi mtundu pawokha.